Kalata kwa oyendetsa maphunziro: woyenera kugwira choko ku sekondale ndani?

Kwa a Nduna ya Zamaphunziro, a Mlembi Wamkulu mu undunawu, akuluakulu a Teaching Service Commission ndi a Teachers Council of Malawi,

Mabwana anga,

Ndikulemba ndili kumudzi, komwe ndinabwerera nditapuma ntchito ya uphunzitsi. Choko ndinachigwira zaka zoposa 30. Zaka khumi zoyamba ndinali ku pulayimale, zotsalazo ndinathera m'masukulu a sekondale oyendera, aja tonse timangoti ma CDSS, ndipo chakumapeto ndinali mphunzitsi wamkulu pa imodzi mwa sukuluzi. Kalata yotere sindinalembepo. Ife a m'boma tinakula tikudziwa kuti dandaulo limadzera kwa ahedi, kuchoka apo lipite ku divishoni, ndipo pofika ku Capital Hill limakhala litazizira kale. Pano penshoni yandimasula pakamwa.

Chandidzutsa ndi funso la mwana wa mlongo wanga. Mtsikanayu ali ndi digiri ya uphunzitsi, anatenga Chemistry ndi Biology, ndipo chaka chino n'chachitatu chitulukireni ku yunivesite. Mukamufuna mumupeza pamsika wina, m'kanyumba ka malata kopaka utoto, akutumiza ndi kutapitsa ndalama za pafoni. Tsiku lina ndinapita kukatapa kangachepe komwe mwana wanga ananditumizira, ndipo iye, maso ali pa ndalama zomwe amawerenga, anati: "Amalume, inu munali ahedi. Tandiuzani, kuti munthu aphunzitse ku sekondale amafunika chiyani kwenikweni?" Ndinayamba kuyankha mwachidwi ngati ndili m'kalasi, mpaka nditaona kuti mwanayo akumwetulira. Yankho amalidziwa kuposa ine. Ulendo wa mphindi makumi awiri panjinga kuchoka pomwe tinalipo pali CDSS yomwe Chemistry akuphunzitsa ndi bambo wina wolimbikira ndithu, koma amene sayansi anaisiyira ku Fomu 4.

Funsoli lili ndi mayankho awiri, la papepala ndi la m'kalasi, ndipo awiriwa sadziwana.

La papepala ndilinene bwinobwino, chifukwa ana ambiri a Fomu 4 omwe angawerenge kalatayi palibe amene anawauzapo. Munthu ayambe wakhoza MSCE, ndipo kukhoza kwake kusakhale kwa mapasi okhaokha. Mayunivesite a boma amafuna makirediti asanu ndi limodzi, Chingerezi chili pomwepo, ndipo maphunziro omwe munthu akufuna kudzaphunzitsa akhale m'gulu la omwe anachita bwino. Akatero apite kokaphunzira uphunzitsi wa sekondale. Kuli Domasi College of Education ku Zomba, yomwe yakhala pa ntchitoyi kuyambira 1993. Kuli Nalikule kufupi ndi Lilongwe, yomwe inatsegulidwa mu 2017 itamangidwa ndi thandizo la dziko la Japan. Kuli University of Malawi, komwe ife akale timangotibe ku Chanco. Mzuzu University, yomwe ophunzira ake oyamba mu 1999 anali a uphunzitsi. MUBAS kwa ofuna kudzaphunzitsa za luso la manja. Ndiye mayunivesite a mipingo monga Catholic University ku Nguludi ndi University of Livingstonia, bola maphunzirowo akhale ovomerezedwa ndi National Council for Higher Education. Dipuloma imatenga zaka zitatu, digiri zinayi. Mkatimo munthu amazama m'maphunziro omwe adzaphunzitse, kawirikawiri awiri, amaphunzira kaphunzitsidwe kake ndi kaganizidwe ka ana, kenaka amapita ku TP, kukaima pamaso pa ana enieni alekichala atakhala kumbuyo kwa kalasi ndi cholembera. Amene ali ndi digiri ina yosakhala ya uphunzitsi amayenera kuwonjezera satifiketi ya uphunzitsi yotchedwa UCE. Zikatha izi pamabwera intaviyu, ndipo boma likamulemba, wa dipuloma amayambira pa giredi TJ, wa digiri pa TI. Lamulo la zamaphunziro la 2013 linakhazikitsanso Teachers Council of Malawi kuti aliyense wogwira choko alembetse ndi kukhala ndi chiphaso.

Pa zonsezi ndilibe nazo mlandu. Mulingowu ndi wabwino ndipo sindikupempha kuti muutsitse. Mlandu wanga ndi woti mulingowu mumayezera ana ena, ena ayi.

Momwe zinayambira ndikudziwa chifukwa ndinali momwemo. Mu 1994, boma la a Bakili Muluzi litachotsa fizi ku pulayimale, ana anasefukira: chiwerengero chinachoka pafupifupi pa 1.9 miliyoni kufika cha m'ma 3 miliyoni m'kanthawi kochepa. Boma linalemba aphunzitsi zikwizikwi osapita ku koleji, ena n'kudzawaphunzitsa pambuyo kudzera mu MIITEP, pulogalamu yophunzitsa aphunzitsi ali kale pa ntchito. Aliyense ankaona kuti chigumulachi chikulowera ku sekondale, komwe malo anali ochepa kwambiri. Nthawi imeneyo m'midzi munali masenta a maphunziro a patali a MCDE, ma DEC, komwe ana osasankhidwa ankaphunzira pogwiritsa ntchito timabuku tija tinkati maseti, mphunzitsi wa pulayimale ali wongowayang'anira ndi kuwathandiza pomwe pawavuta. Mu 1998 kunalengezedwa kuti masenta onsewa tsopano ndi ma CDSS. Chikwangwani chinasintha tsiku limodzi. Nyumba zinali zomwezo, mabuku kunalibe, ndipo woyang'anira maseti uja anadzuka m'mawa ali mphunzitsi wa sekondale.

Ine kalata yanga inandipeza mu 1999. Inali ya mizere inayi. Nditafika, ahedi, omwenso anali a T2 ngati ine, kutanthauza aphunzitsi a satifiketi ya ku pulayimale, anandikhazika pa benchi m'kachipinda komwe kanali ofesi, sitafu rumu ndi sitolo nthawi imodzi. Anandifunsa kuti masamu pa MSCE ndinapeza bwanji. Ndinati kirediti. "Basi, tapulumuka," anatero. "Masamu Fomu 3 ndi 4 ndi anu. Physical Science mutengenso, zimayendera limodzi." Ndinawauza kuti Physical Science ndinapeza 7. Anangonditambasulira buku lopanda chikuto, masamba oyamba atadyedwa ndi chiswe, n'kunena kuti ndilisamale chifukwa ndi lomwelo sukulu yonse. Intaviyu yanga ya uphunzitsi wa sekondale inathera pamenepo.

Ndinkaphunzira usiku pa koloboyi zomwe ndikaphunzitse m'mawa. Ana ndinkawatsogola ndi masamba awiri kapena atatu, osaposa apo. Munthu amene sanakumane nazo sangadziwe mantha ake: umalowa m'kalasi ukupemphera kuti wina asakweze mkono. Ndiye unapeza njira zodzitetezera. Unkalemba manotsi kudzaza bolodi kuyambira uko mpaka uko, ana n'kumakopera mpaka belu. Unkakalipa msanga. Unkadumpha mitu yomwe sukuimvetsa n'kunena kuti tidzabwererako.

Mnyamata wina wa Fomu 3, wamng'ono thupi, yemwe ankabwera wapansi kuchoka kutsidya kwa dambo, tsiku lina anakweza mkono tikuphunzira za kutentha. "Aphunzitsi, madzi akayamba kuwira pamoto, bukuli likuti kutentha kwake sikupitirira. Nanga amayi akamasonkhezabe nkhuni, motowo ukupita kuti?" Kalasi yonse inati zii. Yankho linali tsamba lachitatu kutsogolo, lomwe ndinali ndisanaliwerenge. Ndinamuyang'ana mwaukali n'kunena kuti asiye kutaya nthawi, zimenezo sizibwera pa mayeso. Anatsitsa mkono. Sanadzaukwezenso mpaka anamaliza Fomu 4. Papita zaka zoposa makumi awiri, koma nkhope ya mwanayo ndimaionabe.

Pamene ndikunena izi musamve ngati ndikunyoza aphunzitsi a T2. Ayi ndithu. Ku TTC, koleji ya aphunzitsi a pulayimale, anatiphunzitsa zinthu zomwe achinyamata ena a digiri amabwera alibe: kusunga kalasi ya ana zana popanda ndodo, kulemba sikimu ndi lesoni pulani, kuzindikira mwana amene wabwera osadya, kupanga zophunzitsira kuchokera ku zinthu za pakhomo. Asidi ndi alikali tinkaonetsa ndi madzi a mandimu, madzi a phulusa ndi msuzi wa maluwa ofiira osinja, ndipo ana ankakuwa poona mtundu ukusintha m'kabotolo. Ma CDSS anaima chifukwa cha anthu amenewa, pa nthawi yomwe wa digiri aliyense ankathawa kumudzi. Koma luso la kaphunzitsidwe silingalowe m'malo mwa kudziwa chomwe ukuphunzitsa. Mayi angakhale wodziwa kuphika chotani, ufa ukasowa nsima sipsa.

Chinandipulumutsa ndi maphunziro a patali a ku Domasi, omwe anayamba cha m'ma 2000 ndi thandizo la dziko la Canada, cholinga chake chili choti aphunzitsi a pulayimale omwe anali kale m'ma CDSS apeze dipuloma osasiya ntchito. Nthawi ya holide tinkapita kukagonera ku koleji, sukulu zikatsegula tinkabwerera ndi mamodulo, kuwerenga usiku ndi kutumiza ntchito. Zinali zowawa. Mbuzi zanga zinathera thiransipoti. Koma ndi kumeneko komwe ndinalowa mu labu yeniyeni koyamba, ndili bambo wa ana anayi. Tsiku lina anatipatsa bika ya madzi, moto ndi thermometer, kuti tizilemba kutentha mphindi iliyonse. Nambala inakwera, inakwera, kenaka inaima pansi pang'ono pa 100, chifukwa Domasi ili pokwera, ndipo sinasunthenso ngakhale moto unkayakabe. Alekichala anafotokoza kuti mphamvu yonse ya motowo tsopano ikugwira ntchito yolekanitsa tizidutswa ta madzi kuti tisanduke nthunzi. Anzanga ankalemba. Ine ndinangoima ndi thermometer m'manja, ndikuganiza za mnyamata wa kutsidya kwa dambo uja. Funso lake linali la mwana wa sayansi weniweni, ndipo limabwera pa mayeso. Pamenepo n'kuti iye atalemba kale MSCE, atalephera phunzirolo, akukonza njinga pansi pa mtengo wa mango.

Nditabwerako ndi dipuloma ndinali munthu wina m'kalasi. Ndinasiya kuopa mikono. Mwana akafunsa chomwe sindikudziwa ndinkatha kunena kuti sindikudziwa, tiyeni tifufuze, chifukwa ndinali ndi poyambira. Ndiye wina akandiuza kuti mapepala alibe ntchito, chofunika ndi mtima, ndimamuyankha kuti mtima ndinali nawo kuyambira 1999, ndipo mtima womwewo ndi umene unatsitsa mkono wa mwana uja.

Tsono taonani momwe tinakonzera zinthu m'dziko muno. Zotsatira za Sitandade 8 zikatuluka, ana okhoza kwambiri amapita ku masukulu a dziko lonse, ku Dedza Government, Blantyre Secondary, Mzuzu Government, Lilongwe Girls, ndi ku masukulu a mishoni othandizidwa ndi boma. Kumeneko kuli malabu, malaibulale, magetsi, ndipo pafupifupi mphunzitsi aliyense ali ndi digiri kapena dipuloma ya phunziro lomwe akuphunzitsa. Otsatira amapita ku masukulu a m'maboma. Otsala, omwe ndi ochuluka, amapita ku ma CDSS. Ndiye kuti mwana amene akufunika mphunzitsi waluso kwambiri ndi amene timamupatsa wongopezekapo. Zaka zinayi zikatha, a MANEB amatumiza pepala limodzi lomwelo kwa onse, tsiku limodzi, ola limodzi. Ndaonapo ana anga akugwira burette, kachubu ka galasi koyezera mankhwala mu labu, koyamba m'moyo wawo pa tsiku la mayeso a pulakitiko, ku sukulu ina komwe tinkakalembera, akuitembenuza uku ndi uku posadziwa kumutu kwake. Zotsatira zikatuluka timamva pa wailesi kuti ma CDSS sakuchita bwino, ahedi ake alimbikire. Ndipo pa mapointi omwewo ndi pomwe timasankhira opita ku yunivesite, kuphatikizapo okaphunzira uphunzitsi. Mudzi womwe ulibe mphunzitsi wa sayansi lero sungatulutse mphunzitsi wa sayansi wa mawa.

Ndikudziwa kuti mudzandiyankha ndi ziwerengero, kuti aphunzitsi oyenera achuluka kuposa kale. N'zoona, ndipo ndikuyamika. Domasi, Nalikule ndi mayunivesite atulutsa anthu ambiri. Maphunziro a SMASSE, omwe tinkasonkhana nthawi ya holide aphunzitsi a masamu ndi sayansi, anatithandiza kwabasi. Koma pali chinthu chomwe chimabisala m'kawerengedwe kanu, ndipo ine monga hedi ndinkachibisa nawo, chifukwa fomu yomwe tinkadzaza inkangofunsa kuti a digiri alipo angati, a dipuloma angati, a satifiketi angati.

Bwerani mudzakhale nawo pa msonkhano wogawana maphunziro, sabata yotsegulira sukulu. Aphunzitsi asanu ndi atatu, makalasi anayi, maphunziro oposa khumi. Mwa asanu ndi atatuwo, atatu ndi a Chichewa ndi Chingerezi, awiri a History ndi Bible Knowledge, mmodzi wa Geography, mmodzi wa Agriculture, mmodzi wa T2 amene wakhala akugwirizira masamu chiyambire sukuluyo. Maphunziro a aliyense amatha msanga. Ndiye pamatsala Physics, Chemistry ndi Biology, ndipo m'chipindamo mumakhala chete ngati pamaliro, aliyense maso pansi. Hedi amayamba kunyengerera. "Madamu, inu Geography muli nayo, ndi sayansi yomweyo, tengani Biology." "Bambo a Agriculture, feteleza ndi Chemistry, tithandizeni." Pa fomu yanu sukuluyi ikuoneka bwino: aphunzitsi asanu ndi awiri mwa asanu ndi atatu ndi oyenera. Koma mwana wa Fomu 4 akuphunzira Chemistry kwa munthu amene akumutsogola ndi masamba awiri, ngati ine mu 1999, kungoti uyu wavala tayi ndipo ali ndi digiri ya History. Silabasi itasintha n'kugawa Physical Science kukhala Physics payokha, Chemistry payokha, vutoli linangobereka mapasa. Masukulu ena anangosiya mwakachetechete kuphunzitsa limodzi mwa awiriwa, ndipo mwana amadzazindikira polemba fomu ya ku yunivesite kuti udokotala ndi uinjiniya anamutsekera ali Fomu 3.

Choncho ndikupempha kuti musiye kufunsa kuti munthu ali ndi pepala kapena ayi. Muzifunsa kuti pepala la chiyani, ndipo akuphunzitsa chiyani. Sinthani fomu ija. Iwonetse sukulu ndi sukulu, phunziro ndi phunziro, ndipo zotsatira zake zipachikidwe poyera kuti makolo ndi komiti ya sukulu adziwe kuti masamu a ana awo ali m'manja mwa ndani. Inu a Teachers Council, chiphaso chomwe mwayamba kupereka chilembedwe maphunziro omwe mwini wake angaphunzitse ndi makalasi ake, monga laisensi ya galimoto imanenera kuti uyu ndi wa galimoto yaing'ono, uyu wa thiraki. Popanda zimenezo aphunzitsi adzachiona ngati msonkho wina chabe, ndipo ena ayamba kale kutero.

Chiphaso chomwecho chikhale chotheka kulandidwa. Pa zaka zanga zonse ndaona kangapo mphunzitsi atapereka mimba kwa mwana wa sukulu, nkhani n'kuthera pa kumusamutsira sukulu ina, komwe kulinso ana aakazi a anthu. Ameneyo ngakhale akhale ndi madigiri awiri si woyenera. Ndipo chifike ku masukulu a pulaiveti, makamaka aja a m'nyumba zakale za golosale, komwe mnyamata amene walemba Fomu 4 chaka chatha lero akuphunzitsa Fomu 4, makolo akulipira ndalama ya fodya ndi soya poganiza kuti agula maphunziro abwino.

Ndibwerere kwa mwana wa mlongo wanga. Chomwe chimandizunguza mutu n'chakuti dziko lomweli likusowa aphunzitsi a sekondale, dziko lomweli lili ndi aphunzitsi a sekondale ongokhala. Ena boma linawaphunzitsa ndi ndalama za misonkho, ena anatenga ngongole yomwe akuyenera kubweza, ena makolo anagulitsa ng'ombe. Akugulitsa kaunjika, akuyendetsa kabaza wa njinga yamoto, ena akuphunzitsa maganyu ku pulaiveti ndi ku open, makalasi a masana a ana osasankhidwa, pa malipiro omwe sindingawatchule pano. Mukalengeza intaviyu amabwera khamu, ndi mafayilo awo m'manja, kulimbirana malo ochepa. Mumati ndalama za malipiro n'zoperewera, ndipo sindikutsutsa kuti thumba la boma lili ndi pothera. Koma mphunzitsi wa pulayimale amene mwamuika ku CDSS mukumulipira kale, pomwe ku pulayimale komwe anachoka kalasi ili ndi ana oposa zana. Mwabowola uku kuti mutseke uko. Ndipo Chemistry amene ali m'mutu mwa mtsikana uja akuuluka tsiku ndi tsiku ngati mafuta a nyale osatseka. Pofika chaka chachisanu adzakhala katswiri wa kuwerenga chenji.

China n'chakuti makoleji ndi unduna mukuoneka ngati simukambirana. Chaka ndi chaka kukutuluka aphunzitsi ochuluka a zilankhulo ndi maphunziro a zachikhalidwe, chifukwa kuwaphunzitsa n'kotsika mtengo, sikufuna labu, pomwe a masamu, Physics ndi Chemistry ndi owerengeka, ndipo ochepawo makampani ndi mabungwe amawatenga msanga. Wachinyamata akamasankha kosi palibe amene amamuuza kuti mzere wa phunziro ili ndi wautali, wa ili ndi waufupi. Nenani poyera kuti zaka zisanu zikubwerazi dziko lifuna aphunzitsi angati a phunziro lililonse, ndipo malo m'makoleji ndi ngongole za ophunzira zitsate zimenezo. Pomwepo musaiwale aphunzitsi odziwa chinenero cha manja ndi zilembo za osaona, omwe Montfort ku Nguludi yakhala ikuphunzitsa kwa zaka zambiri. Mwana wosamva akasankhidwa kupita ku CDSS amangokhala m'kalasi zaka zinayi kuonera milomo.

Achinyamata nawonso ndiwanene, kuopa mungati ndikukondera. Ndalandirapo a digiri amene anafika Lolemba, kuona nyumba ya udzu, chimbudzi cha kumbuyo ndi netiweki ya pamwamba pa chulu, Lachisanu n'kunyamuka kukayamba kuyenda m'maofesi kufuna transifa. Ena amabwera ndi kalata ya kuchipatala, ena ya ukwati, ndipo pakutha teremu ali m'tauni, pa sukulu yomwe aphunzitsi a phunziro lomwelo alipo kale anayi. Zimenezi zimatheka chifukwa pali wina amasaina. Komabe sindingawaweruze kwambiri. Ine ndinakhala chifukwa ndinalibe kolowera. Mukafuna kuti munthu wa digiri akhazikike kumudzi, mangani nyumba ya mphunzitsi pamene mukumanga kalasi, osati pambuyo. Alawansi ya kumudzi ikhale ndalama yooneka. Ndipo zaka zomwe munthu wagwira kumudzi ziwerengedwe pokweza giredi ndi posankha opita kukawonjezera maphunziro. Mulembeni ntchito pa sukulu yakutiyakuti, adziwiretu asanasaine, osati kumulemba kaye kenaka muziyamba kukokanakokana.

Nanga a T2 omwe akadali m'ma CDSS, ena agwira zaka khumi ndi zisanu kapena kuposa? Kuwabweza ku pulayimale ndi kalata ya mizere inayi, ngati yomwe inawabweretsa, kungakhale kusayamika. Kuwasiya momwe alili n'kulakwira ana. Atsegulireni njira yomwe ine ndinadutsa, koma yotakata: malo okwanira m'maphunziro a patali ku Domasi, Nalikule ndi Mzuzu, fizi yoti munthu wa pa giredi TL ya ku pulayimale angaikwanitse kapena yodula pang'onopang'ono ku malipiro, ndi nthawi yoikika, kuti pofika chaka chakutichakuti aliyense wophunzitsa ku sekondale akhale atamaliza kapena ali mkati. Amene sangathe kapena sakufuna abwerere ku pulayimale mwaulemu, zaka zake zitawerengedwa.

Ndipo munthu akamaliza, pepala lake ligwire ntchito msanga. Ine nditatenga dipuloma ndinakhala zaka zitatu ndikulandirabe malipiro a giredi yakale. Ku ofesi ina, yomwe sindiitchula, ndinapitako kasanu. Ulendo woyamba anati fayilo sikuoneka. Wachiwiri anati yapezeka koma mulibe kope la satifiketi, lomwe ndinali nditapereka ndi manja angawa. Wachitatu ndinakhala pa benchi kuyambira m'mawa mpaka 3 koloko, kenaka mesenjala anandiuza mwachifundo kuti abwana apita ku semina kunyanja. Aphunzitsi anzanga omwe ankaganiza zokalembetsa nawo maphunzirowo ataona zimenezi anati bola kulima fodya pa holide. Awiri mwa iwo anapuma ntchito ali a T2, akuphunzitsabe Fomu 4.

Ndikulemba tsopano chifukwa nkhani ya sekondale yaulere ili m'kamwam'kamwa, ndipo masukulu atsopano akumangidwa m'madera ambiri. Ndikusangalala nazo, mwana wa mlimi naye afike Fomu 4. Koma ine ndinaona 1994 ndi 1998 ndi maso angawa. Kawiri konse tinatsegula chitseko kaye, za mphunzitsi n'kuganiza ana atakhala kale pansi, ndipo chomwe tinati n'chongogwirizira chakhala nafe mpaka lero. Ulendo uno kusiyana kwake n'kwakuti aphunzitsi ophunzira bwino alipo, akungodikira. Musatsegule sukulu yatsopano musanalembe pa pepala dzina la amene akaphunzitse masamu, la Physics, la Chemistry, la Biology ndi la Chingerezi, aliyense ndi pepala la phunziro lakelo.

Ngati mukuona kuti nkhalambayi ikukokomeza, yesani chinthu chimodzi chomwe sichifuna bajeti. Sankhani CDSS iliyonse yomwe ili kutali ndi msewu wa tala, mupite osadziwitsa a divishoni, osadziwitsa ahedi, kuti asasese pabwalo ndi kukonza kwaya. Mukalowe mu sitafu rumu, mukachotse taimi tebulo pakhoma, ndipo pa dzina lililonse mukafunse mwini wake modekha kuti phunziro limeneli analiphunzira mpaka pati. Sadzakunamizani, ambiri akhala akudikira kuti wina awafunse. Pobwerera mukaime pamsika wapafupi, pa kanyumba ka ndalama za pafoni, mukafunsenso amene akukutapitsaniyo kuti sukulu analekezera pati. Wa kwathu kuno mapepala ake amawasunga m'jumbo, pansi pa kauntala, pamodzi ndi kope lolembamo ndalama, kuti tsiku lomwe mudzaitane intaviyu asadzachedwe n'kupita kunyumba.

Ine wanu,

Mphunzitsi wamkulu wopuma ntchito